Rodolphe Töpffer: mphunzitsi wodwala maso yemwe anayambitsa mabuku a makatuni, ena n'kumudyera

Mwezi wathawu ndinagula buku lopanda chikuto pa benchi ya mabuku a kaunjika kuseri kwa depoti ya maminibasi. Linali pansi pa mulu wa mabuku a sukulu ndi magazini akale, ndipo wogulitsayo anali atayamba kale kuthothola masamba ake n'kumapatsa mayi wa zitumbuwa woyandikana naye kuti azikulungira. Ndinalipira K1,500 n'kulipulumutsa. Ndi buku la makatuni, lija nkhani yake imayenda m'timabokosi ta zithunzi. Tsamba loyamba palibe, lomaliza palibe, ndiye dzina la amene analijambula silikupezeka paliponse.

Ndakhala ndikutolera mabuku oterewa kwa zaka zitatu tsopano, chisiyireni sukulu ku yunivesite fizi itavuta. Ndili nawo 23 m'katoni pansi pa bedi, ndipo 9 mwa iwo alibe chikuto. Usiku wa tsiku limenelo ndinatha bandulo yonse kufufuza mwini wa buku langalo, osamupeza. M'malo mwake ndinakumana ndi munthu wina amene akatswiri ambiri a mbiri ya makatuni amati ndiye tate wa mabuku amenewa. Dzina lake ndi Rodolphe Töpffer, wa ku Geneva, ndipo anamwalira kalekale, mu 1846. Lero nkhani za ngalande zotsekeka ndi misonkho ya mumsika tazipumitsa kaye, ndikufuna mumudziwe mkuluyu.

Töpffer anabadwa pa 31 Januwale 1799 mu mzinda wa Geneva. Nthawi imeneyo mzindawu unali m'manja mwa dziko la France, ndipo unadzalowa mu Switzerland mu 1815. Agogo ake aamuna anali telala wochokera ku Germany. Bambo ake, Wolfgang-Adam Töpffer, anali katswiri wojambula ndi penti, wodziwika ndi zithunzi za moyo wa kumudzi komanso zoseka anthu apamwamba a mumzindamo. Mwanayo anakulira pakati pa maburashi ndi fungo la penti, ndipo aliyense ankadziwa kuti adzatenga ntchito ya bambo ake. Nayenso mtima wake unali pomwepo.

Zinasokonekera ali ndi zaka pafupifupi 20. Maso anayamba kumuvuta, moti sankatha kuyang'anitsitsa chinthu nthawi yaitali. Kujambula ndi penti kwa masiku amenewo kunkafuna munthu woti akhale pa chithunzi chimodzi masabata ambirimbiri akukonza timizere ting'onoting'ono, ndiye kwa iye njira imeneyo inatsekeka. Mu 1819 anapita ku Paris komwe anakaphunzira kwa miyezi ingapo, n'kubwerera kwawo mu 1820 akudziwa kuti ntchito yomwe ankailakalaka ija yamudutsa. Amene munaitanidwapo ku koleji kenako n'kubwerera kunyumba ndi chikwama musanavale gauni mukudziwa mmene zimawawira pamene achibale akukufunsa kuti tsopano utani.

Iye analowa uphunzitsi. Anayamba ndi kuphunzitsa Chilatini ndi Chigiriki pa sukulu ya m'busa wina. Mu 1823 anakwatira Anne-Françoise Moulinié, yemwe ankamutchula kuti Kity, ndipo chuma chomwe mkaziyu anabwera nacho m'banja n'chimene chinawathandiza kutsegula sukulu yawoyawo yogonera konko ya anyamata mu 1824. Ana ankachokera m'maiko osiyanasiyana a ku Ulaya. Banjali linabereka ana anayi, ndipo sukuluyi ndi imene inkawadyetsa mpaka imfa yake. Mu 1832 anamusankhanso kukhala pulofesa wa luso la kulankhula ndi kulemba pa Academy ya ku Geneva.

Anali mphunzitsi wamtundu wina. Nthawi ya holide ankatenga ana ake a sukulu n'kuyenda nawo wapansi m'mapiri a Alps, masiku ambirimbiri, nthawi zina mpaka kutsikira ku Italy. Pobwerako ankalemba zonse zimene zachitika pa ulendowo n'kuikamo zojambula zake. Nkhani za maulendozi zinadzasindikizidwa ku Paris mu 1844 m'buku lotchedwa Voyages en zigzag, ndipo linagulidwa kwambiri. Ankalembanso nthano wamba zopanda zithunzi, ndipo ali moyo anthu ambiri ankamudziwa ngati mlembi wa zimenezo.

Paja akuluakulu amati ukaipa dziwa nyimbo. Maso aja ankakana penti, koma ankalola cholembera chothamanga. Madzulo ana akamawerenga, Töpffer ankakhala pa desiki n'kumakhwatchakhwatcha tianthu ta mphuno zazitali ndi miyendo yoonda. Ankagawa pepala ndi mizere, m'kabokosi kalikonse n'kujambulamo chochitika chimodzi, pansi pake n'kulemba chiganizo chimodzi kapena ziwiri. Kabokosi kotsatira kankapitiriza pomwe kanzake kasiyira. Timabuloni ta mawu totuluka pakamwa tija sankagwiritsa ntchito, mawu onse ankakhala pansi. Mu 1827 anamaliza nkhani yoyamba yathunthu ya mtundu umenewu, ya mkulu wina wotchedwa Monsieur Vieux Bois. Cholinga chinali kuseketsa ana a sukulu ndi anzake basi.

Vieux Bois ndi bambo woonda amene wapenga ndi chikondi cha mayi wina wonenepa. Amamulembera makalata, amakanidwa, amataya mtima, amathawa naye, amatsekeredwa ndi amonke, amalimbana ndi mnzake wolimbirana naye mkaziyo, ndipo m'mavuto onsewa galu wake ndi hatchi yake, zoonda ngati mwini wake, zimavutikira naye limodzi. Zimene zalembedwa pansi zimakhala zaulemu ngati za m'buku lachikondi, pomwe chithunzi chikuonetsa uchitsiru wokhawokha. Nthabwala ili pakati pa ziwirizo. Ukachotsa mawu chithunzi chimasowa mutu, ukachotsa chithunzi mawu sakuseketsa. Ma meme omwe timatumizirana tsiku ndi tsikuwa amayenda chimodzimodzi.

Ndisanamizire kuti iye asanabwere kunalibe nkhani za m'zithunzi. Ku England, William Hogarth anali atatulutsa kale zithunzi zotsatizana zofotokoza nkhani imodzi m'ma 1730, ndipo Töpffer ankazidziwa. Koma za Hogarth zinali zithunzi zikuluzikulu zochepa, chilichonse chodzaza ndi zinthu, choti uime n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Za Töpffer zinali mazanamazana, zopepuka, zothamanga, zosokedwa m'buku loti uzitembenuza masamba. Ankadziwanso kusewera ndi kukula kwa timabokosi. Anthu akamathamangitsana ankatichepetsa kuti diso lako lithamange nawo.

Kwa zaka zingapo mabukuwa ankangozungulira pamanja. Mwini wake ankaopa kuwatulutsa. Tangoganizani, munthu ndiwe hedimasitala, makolo olemera akukupatsa ana awo kuti uwaphunzitse Chigiriki, ndiye amve kuti umakhalira kujambula tizidole. Chimene chinamulimbitsa mtima chinachokera kutali. Mnzake wa ku Geneva, Frédéric Soret, ankagwira ntchito yophunzitsa mwana wa banja lachifumu ku Weimar, ku Germany, komwe kunkakhala Johann Wolfgang von Goethe, mlembi wamkulu kwambiri wa Chijeremani. Chakumapeto kwa 1830 Soret anaonetsa Goethe mabuku olembedwa pamanja a Töpffer. Nkhalambayo, ya zaka zoposa 80, inaseka, inawakonda, ndipo inaona kuti mnyamatayu ali ndi luso lenileni. Goethe anamwalira mu 1832, koma mawu ake oyamikira anali atafika kale ku Geneva.

Ngakhale zinali choncho Töpffer sanathamange. Buku loyamba kusindikizidwa, Histoire de Monsieur Jabot, linakonzedwa mu 1833 koma linayamba kufalitsidwa mu 1835. Jabot ndi munthu wamba wofunitsitsa kuoneka wapamwamba, amene amadzikakamiza pa madansi a anthu olemera, n'kumachita manyazi motsatizana, koma nthawi iliyonse amadzikonza n'kuimanso mwa udolo ngati palibe chachitika. Tonse tikumudziwa Jabot wina wake pa Facebook. Mu 1837 kunatuluka Monsieur Crépin, nkhani ya bambo wa ana 11 amene akusakasaka mphunzitsi wabwino koma aliyense wobwera ali ndi njira yake yopenga yophunzitsira, komanso Vieux Bois uja. Mu 1840 kunabwera Docteur Festus ndi Monsieur Pencil. Pa mabukuwa sankalembapo dzina lake lonse, ankangoika zilembo R.T.

Kasindikizidwe kake n'kofunika kukamvetsa. Masiku amenewo zithunzi zambiri zinkasindikizidwa pogoba thabwa kapena chitsulo, ndipo wogobayo ankakhala munthu wina, osati wojambula. Njira ina inali yojambula pa mwala wosalala ndi inki yamafuta, koma pamenepo umayenera kulemba chilichonse chotembenuka ngati pa galasi. Töpffer anasankha njira yotchipa imene ena ankasindikizira timapepala ta malonda: ankajambula ndi inki yapadera pa pepala lapadera, osindikiza n'kudinda pepalalo pa mwala, mwalawo n'kumadinda makope. Motero mzere uliwonse ndi chilembo chilichonse m'buku chinali cha dzanja lake, mmene anachikhwatchira. Ankalipira yekha, makope ake ankakhala mazana ochepa, ndipo ankagulitsidwa kudzera m'mashopu a mabuku ochepa chabe.

Apa ndi pomwe akuba analowera. Mu 1839 kampani ya Aubert ya ku Paris, yodziwika ndi manyuzipepala a zithunzi zoseketsa, inatenga Jabot, Crépin ndi Vieux Bois, n'kuuza anthu ake kuti azijambulenso, n'kuzigulitsa motchipa. Sanamupemphe, sanamulipire. Geneva ndi Paris anali maiko awiri osiyana, ndipo kunalibe lamulo loteteza mlembi kunja kwa dziko lake. Chimene Töpffer anatha kuchita n'kujambulanso Vieux Bois, kumuwonjezera ndi kumukonza, n'kutulutsa kope lachiwiri chaka chomwecho kuti apikisane ndi buku lake lomwe.

Sizinathere pompo. Mu 1841 kampani ya Tilt and Bogue ya ku London inatulutsa Vieux Bois m'Chingerezi kuchokera pa kope la Aubert lija, dzina n'kusintha kukhala The Adventures of Mr. Obadiah Oldbuck. Mu Seputembala 1842 kampani ya Wilson and Company ya ku New York inasindikizanso la ku London lija ngati buku lapadera la nyuzipepala ya Brother Jonathan. Chaka chomwecho Charles Dickens anali ku America akudandaula poyera kuti osindikiza a kumeneko akumukololera posalima, ndipo dzikolo linadzayamba kuteteza alembi akunja mu 1891. Pangano la maiko loteteza alembi, la Berne, linasainidwa mu 1886, m'dziko lakwawo lomwe la Switzerland, patatha zaka 40 Töpffer ali m'manda.

Kwa otolera mabuku akale, apa ndi pamene pali nkhani. Obadiah Oldbuck wa 1842 uja ndi amene ambiri amamutcha buku loyamba la makatuni kusindikizidwa ku America. Anatuluka zaka 96 Superman asanaonekere mu Action Comics nambala 1 ya 1938, buku lomwe linkagulidwa masenti 10 ndipo kope lake lina linagulitsidwa madola 6 miliyoni mu 2024. Makope a Oldbuck otsala ndi ochepa kwambiri, chifukwa anali a pepala lotchipa loti uwerenge n'kutaya, ndipo likapezeka limodzi anthu amalimbirana ndi madola masauzande. Ndiye taonani: chimene akuchisunga m'magalasi lerocho ndi kope la kope la kope lakuba, ndipo amene anayambitsa nkhaniyo sanalandirepo kalikonse. Pamene ndinawerenga zimenezi ndinasuzumira katoni yanga ija ya mabuku opanda zikuto, ndinamva kachisoni.

Tsopano ndinene mbali imene inandiwawa, chifukwa sindikufuna kumujambula ngati mngelo. Pa ndale Töpffer anali wa mbali yosafuna kusintha. Anakhala m'bungwe lopanga malamulo la Geneva kuyambira 1834, ndipo pamene gulu la James Fazy linkamenyera kuti anthu wamba akhale ndi mawu ochuluka m'boma, iye ankalemba nkhani zowaukira mwaukali mu nyuzipepala ya Courrier de Genève. Mu 1845 anatulutsa Histoire d'Albert pogwiritsa ntchito dzina lobisalira la Simon de Nantua. Albert ndi mnyamata amene sukulu yamukanika, amayesa ntchito iyi n'kulephera, amayesa iyo n'kulephera, mpaka pomaliza amapeza pokhalira: kulemba nkhani za ndale mu nyuzipepala n'kumautsa anthu mitima. Ambiri amati ankaseka Fazy.

Ndinawerenga Albert pa foni, pakati pa usiku, ine amene digiri sindinamalize, amene ndinayesapo kugulitsa mayunitsi ndi zovala za kaunjika, amene lero ndimalemba za khonsolo pa tsamba lino. Aise, zinandilasa. Ndinaseka, kenako ndinakwiya, kenako ndinasekanso, chifukwa mkuluyu amajambula bwino ngakhale pamene akukunyoza. Koma ndinaonanso kuti anaiwala mbiri yake yomwe. Nayenso njira yake yoyamba inatsekeka. Kusiyana kwake n'kwakuti iye anali ndi bambo wodziwika, maphunziro a ku Paris ndi chuma cha mkazi wake choyambira sukulu. Albert aliyense akanakhala ndi zimenezo, kaya bukulo likanatha bwanji.

Chaka chomwecho cha 1845 anachita zinthu zina ziwiri zazikulu. Choyamba, nkhani yake ya Monsieur Cryptogame inatuluka pang'onopang'ono, sabata ndi sabata, mu magazini ya L'Illustration ya ku Paris, ulendo uno mwachilolezo, kudzera mwa msuweni wake Jacques-Julien Dubochet yemwe anali m'gulu la eni magaziniyo. Popeza ankasindikiza ndi matabwa ogoba, wojambula wina wotchedwa Cham ndi amene anaijambulanso. Cryptogame ndi wokonda kugwira agulugufe amene akuthawa Elvire, mkazi wofuna kukwatiwa naye mokakamiza. Amathawira m'sitima ya pamadzi, amamezedwa ndi chinsomba, ndipo pena anthu onse ndi ziweto zomwe amathamangitsana mozungulira m'sitimamo mpaka sitimayo kuyamba kuzungulira nayo. Nkhaniyi inafika kwa anthu ochuluka kuposa ina iliyonse ya iye, ndipo ku Netherlands inadzasanduka buku lotchuka la ana lotchedwa Mijnheer Prikkebeen.

Chachiwiri, analemba kabuku kotchedwa Essai de physiognomonie kofotokoza mmene luso limeneli limagwirira ntchito. Mfundo yake inali yakuti sufunika kukhala katswiri wa penti kuti unene nkhani ndi zithunzi. Ukangojambula nkhope, ngakhale mokhotakhota, nkhopeyo imakhala kale ndi khalidwe lake, ndipo ukasintha pang'ono diso kapena mlomo umapeza munthu wina. Anaonanso kuti nkhani ya m'zithunzi imafika msanga kwa ana ndi kwa anthu osawerenga kwambiri. Munthu amene ankachita manyazi ndi tizidole take anafika pozilembera buku lozitchinjiriza.

Nthawi imeneyi n'kuti akudwala kale. Anayesa kukafuna thandizo ku akasupe a madzi ochiritsa a ku Vichy, ku France, koma sizinathandize. Anamwalira ku Geneva pa 8 Juni 1846 ali ndi zaka 47. Bambo ake, wojambula uja, anaika mwana wawo m'manda, nawonso n'kumwalira chaka chotsatira. Mu Okutobala 1846, patangotha miyezi inayi, gulu la Fazy lomwe ankalimbana nalo lija linalanda boma la Geneva. Pa ndale anagonja kotheratu.

Mabuku asanu ndi awiri a tizidole aja ndi amene anapitirira. Cham anayamba kutulutsa ake a mtundu womwewo. Mu 1847 mnyamata wa zaka 15, Gustave Doré, anatulutsa buku lake loyamba la nkhani ya m'zithunzi motsata njira ya Töpffer, ndipo osindikiza ake anali Aubert omwe aja. Mu 2007 katswiri wa mbiri ya zojambula David Kunzle anatulutsa buku la moyo wake lomutcha tate wa nkhani za makatuni, pamodzi ndi lina losonkhanitsa nkhani zake zonse m'Chingerezi. Lero mzinda wa Geneva umapereka mphoto ya ojambula makatuni yotchedwa dzina lake. Mabuku ake ndi akale moti aliyense ali ndi ufulu wowawerenga ulere, ndipo ena mungawapeze pa Gallica, tsamba la pa intaneti la laibulale yaikulu ya dziko la France. Ngakhale Chifalansa musachidziwe, zithunzizo zikutengani.

Dzina la Töpffer linabwerera pa ntchito yake chifukwa panali anthu amene anasunga mapepala: ana ake a sukulu, banja lake, malaibulale ndi otolera mabuku amene anaika makope akuba ndi enieni pamodzi n'kuona kuti linayamba ndi liti. Popanda iwo bwenzi lero tikunena kuti Obadiah Oldbuck anabadwira ku New York.

Kuno kwathu osunga otere ndi ochepa. Manyuzipepala akale okhala ndi makatuni omwe makolo athu ankayambira kuwerenga asanaone mitu ya nkhani akuthera kukulungira tchipisi ndi kuyatsira mbaula. Pa WhatsApp katuni imazungulira m'magulu khumi, wina atadula kale pakona pomwe wojambula anasaina, ena mpaka kuikapo dzina la tsamba lawo. Inenso ndinachitapo zimenezi, kudula chithunzi kuti chikwane bwino pa status, osaganiza kuti ndadula dzina la munthu.

Ndiye pempho langa ndi laling'ono. Mukamatumiza katuni, siyani siginecha ioneke. Ngati kunyumba kuli mabuku akale a makatuni kapena manyuzipepala a agogo m'sutikesi, musawapereke kwa a zitumbuwa. Achotseni pansi pomwe pamafika chinyezi ndi chiswe, muwaike m'pepala la pulasitiki louma, ndipo musamate ndi selotepi pong'ambika chifukwa imadya pepala. Langa lopanda chikuto lija ndalijambula masamba atatu, ndiwaika pa tsamba lathu la Facebook madzulo ano. Amene angazindikire dzanja la wojambulayo andiuze, ndikufuna ndilembe dzina lake pachikuto chomwe ndalipangira ndi katoni ya sopo.